Kujambula mbalame ndi nyama zakutchire popanda kuzithamangitsa

Zithunzi zambiri za mbalame zomwe ongoyamba kumene amajambula zimafanana: mbalame yatembenuka, ikuonetsa mchira, khosi yalitalikitsa, mapiko ayamba kutseguka. Mwini chithunzi amada lenzi yake, akuti ndi yaifupi. Ine ndikayang'ana chithunzi chotere ndimaona kuti mbalameyo inamuona kalekale wojambulayo, ndipo chomwe iye wajambula ndi mantha. Ntchito imeneyi yandiphunzitsa kuti mtunda wa pakati pa munthu ndi nyama yakutchire umafupika pokhapokha nyamayo ikasiya kumuganizira munthuyo n'kubwerera ku zomwe imachita. Lenzi yaitali imathandiza ndithu, koma imangokulitsa chomwe chilipo kale.

Nyama iliyonse ili ndi malire ake, mtunda womwe imalola chinthu chachilendo kufika isanathawe. Malirewo amasinthasintha. Mbalame zikuluzikulu zimathawa munthu akadali patali kusiyana ndi ting'onoting'ono. Gulu limathawa msanga kuposa mbalame imodzi, chifukwa maso ndi ambiri, ndipo imodzi ikadzidzimuka zonse zanyamuka. Kumene anthu amasaka, nyama zimakutulukirani musanazione n'komwe, pomwe mtundu womwewo kumalo otetezedwa ungakuloleni kufika pafupi ndithu. Ubwino wake, nyama imachenjeza musanafike pamalirepo. Mbalame yomwe imadya imasiya kudya. Imaimirira chilili, nthenga zimagona mpaka imaoneka yowonda, khosi limatalika, imakuyang'anani ndi diso limodzi kenako linalo. Zoyenda m'mphepete mwa madzi zimayamba kugwedeza mutu kapena kuyenda pang'onopang'ono kukutalikirani. Mbawala imadzutsa mutu, makutu onse awiri kuloza kwa inu, mwinanso kuponda pansi ndi mwendo wakutsogolo. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, imani pomwepo. Kamera musaikweze. Yang'anani pansi kapena kumbali, mudikire mpaka mlomo ubwerere pa chakudya. Ikayambanso kudya, sunthani mapazi awiri atatu, n'kuimanso.

Musayende molunjika. Chilombo chofuna kugwira ndicho chimalunjika, maso onse awiri ali pa nyama, ndipo munthu woyenda motero atanyamula lenzi yakuda kumaso amaoneka chimodzimodzi. Yendani mopingasa, ngati mukupita kwina. Dzichepetseninso: woimirira amaopsa kuposa wonjuta, wonjuta amaopsa kuposa wokhala pansi, ndipo munthu wogona chafufumimba mbalame zambiri za m'madzi zimangomudutsa. Zovala zamawangamawanga zonga za asilikali si zofunikira, ndipo m'mayiko ena munthu wamba saloledwa kuzivala. Zofiirira, zotuwa kapena zobiriwira mozimirira n'zokwanira. Pewani zoyera, pewani nsalu yolira mukamasuntha mkono, ndipo kumene kuli akashembe pewani zakuda ndi zabuluu chifukwa mitundu imeneyi imawakopa. Komabe chomwe chimakuululani kwambiri ndi kusuntha modzidzimutsa. Kamera ikwezedwe pang'onopang'ono, kapena ikhale ili kale pafupi ndi nkhope.

Pa njira zonse, yomwe ine ndimaidalira ndi kukhala pansi. Sankhani malo, tsamirani mtengo kapena chitsamba kuti thupi lanu lisaonekere pathambo, mukhale chete. Mphindi 10 zoyamba sipachitika kanthu, chifukwa kufika kwanu kwatontholetsa tchire lonse. Pakadutsa mphindi 20 kapena 30 timbalame timayambanso kulira, kenako timatsika, ndipo nthawi zambiri timafika pafupi kuposa pomwe mukadafika pozilondola. Anthu ambiri amanyamuka tchire lisanadzukenso, n'kunena kuti pamalopo palibe mbalame.

Koma kukhala pansi kumapindula mukakhala pamalo oyenera, ndipo malowo amadziwika poyang'ana kaye, kamera ili m'chikwama. Apa ndi pomwe ma binoculars, magalasi oonera patali, amagwira ntchito. Manambala olembedwa pa iwo, monga 8x42, akutanthauza kuti amakulitsa ka 8 ndipo galasi lakutsogolo ndi lalikulu mamilimita 42. Mukagawa 42 ndi 8 mupeza 5.25, ndiko kukula kwa kadontho ka kuwala komwe kamafika m'diso mwanu. Ting'onoting'ono ta 10x25 timapereka 2.5 yokha, n'chifukwa chake m'bandakucha ndi m'nkhalango yowirira timaonetsa mdima. A 10x42 amakulitsa kwambiri koma amaonetsa dera laling'ono ndipo manja akanjenjemera zimaonekera. Kwa munthu woyamba ndimalangiza 8x42. Musanawagwiritse ntchito akonzeni agwirizane ndi maso anu: phimbani galasi lakumanja, pukusani gudumu lapakati mpaka diso lamanzere lione bwino chinthu chimodzi chosasuntha, kenako phimbani lakumanzere n'kupukusa kamphete kapadera komwe pa ambiri kamakhala kumanja, osakhudzanso gudumu lija. Mukalumpha zimenezi mutu umawawa pakangotha ola. Mukaona mbalame, maso asachoke pa iyo. Kwezani ma binoculars afike pamaso. Mukayang'ana pansi kuti muwatenge, mbalame mwaitaya.

Chomwe mukufufuza ndi chizolowezi. Mbalame zogwira nsomba zomwe mabuku amazitcha kingfisher zimakhala ndi nthambi zake zomwe zimabwererapo. Zogwira tizilombo m'malere zimauluka, kugwira, n'kubwerera pa kamtengo komweko kambirimbiri. Zitosi zoyera pansi pa nthambi kapena pa mwala zikukuuzani kuti pamenepo pamatera mbalame kawirikawiri. Mtengo wa mkuyu ukapsa zipatso umasonkhanitsa mbalame, anyani ndi mileme. Mtengo wamaluwa umaitana zoyamwa timadzi. Nyengo yachilimwe kachithaphwi kalikonse kotsala kamakokera zamoyo za dera lonse. Mapazi ndi ndowe panjira yopita kumadzi zimakuuzani nyama zomwe zimadutsa ndi kumene zimachokera. Mukadziwa nthambi, ntchito yasanduka ina: mukukonzeratu chithunzi cha nthambiyo, n'kudikira mwini wake.

Pokonza chithunzicho muganizire zinthu zinayi nthawi imodzi, ndipo sizigwirizana masiku onse. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, chithunzithunzi chanu chiloze komwe kuli nyama. Mukatero diso lake limawala kadontho, ndipo kadontho kameneka ndi komwe kamapatsa chithunzi moyo. Maola awiri oyamba dzuwa litatuluka ndi awiri omaliza lisanalowe ndiwo abwino, kuwala kuli kofewa ndipo nyama zili pa ntchito yofuna chakudya. Chachiwiri ndi mphepo. Mbalame zimanyamuka ndi kutera zitayang'ana komwe mphepo ikuchokera, choncho mphepo ikakhala kumbuyo kwanu zimabwera zikuyang'anani. Dzuwa ndi mphepo zikakhala mbali imodzi, tsikulo ndi lojambula zouluka. Zikatsutsana, mupeza michira yokhayokha, bwino mujambule zina. Kwa nyama zoyamwitsa n'zosiyana. Izi zimadalira mphuno, ndipo mphepo yochokera kumbuyo kwanu ikupereka fungo lanu kwa izo. Pamenepo mphepo iziomba kumaso kwanu. Tapani kafumbi kapena tizidutswa ta udzu wouma, tayani, muone komwe tikupita, ndipo chitani zimenezi pafupipafupi chifukwa m'mawa mphepo imatembenuka dzuwa likayamba kutentha.

Chachitatu ndi zomwe zili kuseri kwa nyama. Nthambi zikakhala pafupi kumbuyo kwake, chithunzi chimakhala chopiringizika ngakhale lenzi ikhale yodula chotani. Zikakhala kutali, mamita 10 kapena kuposa, zimasungunuka n'kukhala mtundu umodzi wosalala. Nthawi zambiri kusuntha phazi limodzi kumanzere kapena kumanja kumachotsa kanthambi komwe kamaoneka ngati katulukira m'mutu mwa mbalame. Chachinayi, lenzi ikhale pa msinkhu wa diso la nyamayo. Bakha wojambulidwa ndi munthu woimirira pagombe amaoneka ngati chinthu chotayidwa pamadzi. Yemweyo mukamujambula mutagona, kamera ili pafupi ndi nthaka, mumalowa m'dziko lake, ndipo kuseri kwake kumakhala tsidya lakutali m'malo mwa matope a pansi pake.

Tsopano za lenzi. Pa mbalame, 300mm ndi pochepera, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito 400mm mpaka 600mm. Makamera a sensa (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) yaing'ono ya APS-C amadula m'mbali mwa chithunzi, kotero kuti lenzi imaoneka ngati yatalika ka 1.5, kapena ka 1.6 pa Canon: 400mm imaonetsa ngati 600mm kapena 640mm. Koma taonani masamu awa. Kambalame kotalika masentimita 15, mukakajambula ndi 400mm muli pa mamita 10, kamatenga mamilimita 6 pa sensa yomwe mulitali mwake ndi pafupifupi mamilimita 23, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo anayi a chithunzi. Pa mamita 20 kamatenga theka la pamenepo. Pa mamita 5 kamadzaza theka la chithunzi chonse. Kudula mtunda pakati n'chimodzimodzi kugula lenzi ya 800mm, ndipo chithunzi cha pafupi chimaposa chifukwa mpweya wa pakati panu ndi wochepa. Kagalasi kowonjezera ka 1.4x komwe amaika pakati pa kamera ndi lenzi kamatalikitsa, koma kamadya theka la kuwala: f/5.6 imasanduka f/8 (manambalawa amasonyeza kukula kwa khomo lolowera kuwala mu lenzi, ndipo nambala ikakula khomolo lachepa). Ka 2x kamasiya gawo limodzi mwa anayi, ndipo fokasi imayamba kuchedwa. Ngati kamera mulibe, foni yogunditsa pa galasi la ma binoculars kapena la telesikopu imajambula chithunzi chokwanira kuzindikira mtundu wa mbalame, bola zonse zikhazikike pa chinthu cholimba.

Kamera ndimaiika pa M, pomwe wojambula amasankha yekha zochita, koma ISO, yomwe imawalitsa chithunzi kuwala kukachepa, n'kuisiya pa Auto kuti kamera isankhe yokha. Motero liwiro la shutter (kachitseko kotseguka kwakanthawi kuti kuwala kulowe) ndi kukula kwa khomo la lenzi ndimasankha ndekha, kamera n'kumangokwaniritsa kuwala. Mbalame yokhala phee pa nthambi imafuna shutter ya 1/500 mpaka 1/1000 ya sekondi. Timbalame tosakhazikika, tomwe mutu wake sumaima, 1/1000 mpaka 1/1600. Zikuluzikulu zouluka mwaulemu monga nkhwazi ndi akakowa, 1/1600 mpaka 1/2000. Zothamanga ngati anamzeze, 1/3200 kapena 1/4000. Nyama yodya msipu 1/500 yakwana, koma ikayamba kuthamanga kwezani mufike 1/1600. Anthu ambiri amaopa ISO yaikulu, n'kutsitsa liwiro la shutter kuti chithunzi chisakhale ndi timadontho. Kumeneko n'kusinthanitsa vuto lochizika ndi losachizika. Timadontho ta ISO 3200 kapena 6400 timachepetsedwa pa kompyuta. Mutu wa mbalame womwe unasuntha shutter ili yotseguka subwezeretseka. Dziwaninso kuti kachipangizo ka mu lenzi kapena mu kamera koletsa kugwedera kamachiza kunjenjemera kwa manja anu okha. Nyama ikasuntha, kalibe mphamvu.

Khomo la lenzi ambiri amalisiya lotsegula kotheratu, f/5.6 kapena f/6.3, ndipo kuwala kukachepa palibe kuchitira mwina. Kukakhala kokwanira, f/7.1 kapena f/8 imanoletsa chithunzi pa malenzi ambiri otsika mtengo. Chofunika kudziwa n'chakuti mukayandikira, dera looneka bwino limachepa kwambiri. Pa 400mm, f/5.6, mamita 5, dera limenelo ndi masentimita atatu kapena anayi okha. Fokasi ikagwera pa phiko, diso latuluka kale m'deralo. N'chifukwa chake fokasi imaikidwa pa diso nthawi zonse. Diso likaoneka bwino, munthu amakhululukira mchira wosaoneka bwino, koma zikatembenuka chithunzicho chafa. Mukafuna nyama ziwiri zoyandikana zioneke zonse, tsekani mufike f/8 kapena f/11, kapena dikirani mitu yawo ikhale pa mtunda umodzi kuchokera kwa inu.

Fokasi ikhale yotsatira chinthu choyenda, yomwe Nikon ndi Sony amailemba AF-C, Canon n'kuilemba AI Servo kapena Servo. Mbalame ikakhala m'kati mwa nthambi, gwiritsani kadontho kamodzi ka fokasi, chifukwa mukapatsa kamera dera lalikulu imasankha tsamba lomwe lili pafupi. Ikakhala pathambo loyera, dera lalikulu ndilo labwino. Makamera atsopano amazindikira okha diso la mbalame, ndipo amachita bwino pabwalo, koma m'zitsamba amasokonezeka. Khalani ndi batani lina lobwezera kadontho kamodzi kaja. Lenzi ikamangofunafuna, kupita uku ndi uku osagwira, pali njira ziwiri. Malenzi ambiri aatali ali ndi kaswitchi kochepetsa mtunda wofufuza, kuti isavutike ndi zinthu za pafupi. Ina ndi kuyamba mwaloza mtengo kapena nthaka yomwe ili pa mtunda wofanana ndi pomwe mbalame idutse, kuti ikafika lenzi ingosuntha pang'ono.

Pojambula motsatizana, dinani pang'onopang'ono, zithunzi zitatu kapena zisanu, n'kusiya. Mukangokanikiza osaleka, kamera imadzaza n'kuima kuti ilembe pa memori khadi, ndipo imaima nthawi yomwe nkhwazi ikugwira nsomba. Shutter yosalira ndi yabwino mukakhala pafupi ndi nyama zamantha, koma pa makamera ena imapinda mapiko othamanga n'kuwaonetsa okhota. Yesani yanu musanaidalire.

Kamera poyeza kuwala imafuna kuti chilichonse chikhale chapakatikati, ndipo apa ndi pomwe mbalame zoyera ndi zakuda zimaonongekera. Kakowa ataima pa madzi akuda, kamera imaona mdima wambiri n'kuwalitsa chithunzi chonse, nthenga zoyera zija n'kupsa, kukhala chigamba chopanda mzere ndi umodzi womwe. Chepetsani kuwala ndi -1 pa batani la +/- lowonjezera kapena kuchepetsa kuwala, nthawi zina kupitirira. Mbalame yakuda ili pathambo lowala n'zosiyana: kamera imadetsa zonse, mbalame n'kukhala chithunzithunzi chabe. Onjezerani +1 mpaka +2. Ya mitundu iwiri, monga nkhwazi ya mutu woyera ndi thupi loderapo, tetezani zoyerazo, chifukwa zakuda zimadzutsika pa kompyuta pamene zopsa zapita. Yatsani chenjezo lomwe limaphethiritsa malo opsa pa sikirini, ndipo jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zomwe sensa yaona, ngati kamera ikulola. Dzuwa la masana pa mbalame yoyera ndi nkhondo yosapambanika. Tsiku la mitambo yopyapyala limaposa.

Chithunzi chikatuluka chosaoneka bwino, musathamangire kuda lenzi. Chikulitseni pa kompyuta mufufuze. Ngati nthambi ikuoneka bwino koma mutu wa mbalame wapakika, shutter inachedwa. Ngati chilichonse chapakika kuloza mbali imodzi, manja anagwedera: gundikizani zigongono kuthupi, dzanja lamanzere ligwire kunsi kwa lenzi chakutsogolo, kamera itsamire pachipumi, kapena gwiritsani tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu. Ngati pali chinthu china chooneka bwino kutsogolo kapena kumbuyo kwa nyama, fokasi inaphonya. Koma ngati palibe paliponse pooneka bwino, ndipo mizere yowongoka ikuoneka yonjenjemera, vuto ndi mpweya wotentha. Nthaka, mchenga ndi miyala zikatentha, mpweya wa pamwamba pake umavina ndipo umapinda kuwala. Lenzi ikatalika, mtunda ukatalika, vutoli limakula, ndipo palibe batani lolithetsa. Limayamba dzuwa likangokwera. Mankhwala ake ndi kulawira kapena kuyandikira. Limachitikanso mukajambula kudutsa pamwamba pa boneti ya galimoto yotentha, kapena pawindo pomwe mpweya wozizira wa m'kati ukukumana ndi wotentha wa kunja.

Mukakhalitsa ndi nyama mumayamba kuona zomwe zikubwera. Mbalame yodya nyama ikafuna kuuluka imatembenukira kumphepo, kawirikawiri imachita chitosi, imawerama pang'ono, kenako yanyamuka. Bakha akamiza mutu kangapo posamba, dziwani kuti adzuka n'kukupiza mapiko. Mbalame yogwira nsomba ikagwira, imakaimenyetsa pa nthambi isanameze. Mukaona chizindikiro, kwezani shutter, musiye malo okwanira kutsogolo kwake ndi pamwamba, chifukwa mapiko otambasuka amatenga malo ochuluka kuposa momwe mukuganizira, ndipo nsonga zake n'zomwe zimadulidwa.

Galimoto ndi chobisalira chabwino, chifukwa nyama zambiri m'malo osungira nyama zinaizolowera ndipo siziona munthu m'kati mwake. Zimitsani injini musanajambule. Kunjenjemera kwake kumafika pa lenzi. Ikani kathumba ka nsalu kodzaza mchenga wouma pawindo, lenzi igone pamenepo. Musatulutse mutu kapena mkono, musaimirire, chifukwa maonekedwe a galimoto akasintha nyama imadziwa kuti muli munthu. Imani pang'onopang'ono, chapatali, ndipo ngati nyama ikuyenda, kaimeni kutsogolo komwe ikupita muisiyire njira.

Kwa nyama zikuluzikulu, nkhani ya malire ija imasanduka ya moyo wanu. Diso likakhala pa kamera simuona za m'mbali, ndipo lenzi imakusokonezani pa za mtunda. Chotsani diso pafupipafupi muyang'ane mozungulira. Njovu yotambasula makutu, kugwedeza mutu ndi kulira ikukuuzani kuti mwayandikira kwambiri. Yobwera mwakachetechete, makutu atagona kumbuyo, chitamba chitapindidwira m'kati, mutu uli pansi, yatsimikiza zokuukirani. Musadikire kuti musiyanitse ziwirizi. Bwererani pa chenjezo loyamba. Zazikazi zokhala ndi ana, ndi zamphongo zomwe zikutuluka madzi m'mbali mwa mutu n'kumadontha mkodzo poyenda, zipatseni mtunda wowirikiza. Mvuu yomwe ili kumtunda imathawira kumadzi, choncho musakhale pakati pa iyo ndi madziwo, ndipo kuyasamula kwake komwe anthu amakonda kujambula nthawi zambiri ndi chiopsezo. Kugona m'mphepete mwa madzi komwe ndayamikira kuja kusachitike kumene kuli ng'ona. Njati yokalamba yoyenda yokha m'zitsamba ndi yoopsa kuposa gulu lonse. Kumalo kwa nyama zimenezi munthu sayenda pansi popanda mlonda wodziwa ntchito, ndipo malamulo a malowo pa za mtunda ndi kutsika m'galimoto atsatidwe monga alili.

Pali njira zachidule zomwe ndimakana, ndipo ndikupemphani muzikane. Chisa ndi malo osavuta kujambulapo chifukwa makolo sangachitire mwina koma kubwera. Koma mukaimapo, kholo limakhala kutali, mazira amazizira kapena kupsa ndi dzuwa, ana amasowa chakudya. Kudula masamba kuti chisa chioneke kumachiululira kwa akhwangwala, njoka ndi anyani, ndipo kanjira komwe mwaponda m'udzu zilombo zimakatsata. Mukaona mbalame ili ndi chakudya kukamwa koma ikungozungulira, ikulira osatera, mwayandikira chisa, chokanipo. Ina imadzikoka pansi ngati yathyoka phiko kuti muitsatire: mazira ali pafupi ndi mapazi anu, bwererani momwe munadzera mukuyang'ana poponda.

Kuliza mawu a mbalame pa foni kuti ituluke kumagwira ntchito chifukwa yaimuna imaganiza kuti mdani walowa m'dera lake. Imasiya kudya, imasiya chisa, n'kutaya mphamvu kufunafuna mdani yemwe kulibe, ndipo pamalo pomwe pamafika anthu ambiri imavutitsidwa motero tsiku lonse. Malo ambiri otetezedwa amaletsa. Kunyengerera nyama ndi chakudya kumaiphunzitsa kuyandikira anthu ndi misewu, ndipo anyani kapena afisi ozolowera kupatsidwa amathera pophedwa ngati nyama zovutitsa. Fulashi pamaso pa kadzidzi usiku imamuthobwa m'maso kwakanthawi, iye akudalira masowo posaka. Ndipo chithunzi cha nyama yoweta kapena ya m'khola chinenedwe kuti ndi chotero. Mu 2010 mpikisano wa Wildlife Photographer of the Year, womwe umayendetsedwa ndi Natural History Museum ya ku London, unalanda mphoto yaikulu ya chaka cha 2009 oweruza atakhutira kuti mmbulu wa pa chithunzi chopambanacho unali woweta.

Zida zimafa ndi fumbi ndi chinyezi. Lenzi musasinthire pamphepo. Ngati n'kofunika, kamera iyang'ane pansi ndipo ikhale yozimitsa. Fumbi la pagalasi liuzireni ndi kapampu kaye musanapukute, apo ayi mukukanda galasi ndi mchenga. Mukachoka m'chipinda chozizira kupita kunja kotentha, galasi limachita nthunzi. Isiyeni kamera m'chikwama chotseka mpaka itenthedwe. Kumalo achinyezi nkhungu imamera m'kati mwa lenzi yosungidwa mumdima, n'kudya utoto wa pagalasi. Sungani m'bokosi lotseka bwino muli timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi, ndipo musasiye lenzi m'chikwama chonyowa usiku wonse. Batire yachiwiri ndi khadi yachiwiri zikhale m'thumba la malaya, osati m'galimoto.

Pomaliza ulendo lembani zomwe mwaona: malo, nthawi, komwe mphepo imachokera, mtengo womwe unali ndi zipatso, nthambi yomwe mbalame imabwererapo. Kabuku kameneka ndi komwe kadzakuuzeni pokhala ulendo wotsatira, ndipo mitengo yambiri imabereka nyengo yomweyo chaka ndi chaka. Pozindikira mtundu, yambani ndi kukula kwa mbalame poyerekeza ndi yomwe mukuidziwa, maonekedwe a mlomo, kutalika kwa mchira ndi miyendo, malo omwe ili ndi zomwe ikuchita. Mtundu wa nthenga ubwere pambuyo, chifukwa umasintha ndi kuwala, msinkhu ndi nyengo. Padziko lonse pali mitundu ya mbalame pafupifupi 11,000, choncho buku kapena pulogalamu ya dera lomwe muli ndiyo yothandiza. Pulogalamu ya pa foni ya Merlin Bird ID, yopangidwa ndi bungwe lofufuza za mbalame la Cornell Lab of Ornithology, imazindikira mbalame kuchokera pa chithunzi, koma yankho lake litsimikizeni ndi maso anu. Mndandanda wanu mungautumize pa intaneti ku eBird, yosonkhanitsa mbalame zomwe anthu aona, yomwe inayamba mu 2002, kapena ku iNaturalist ngati muli nyama zina, ndipo akatswiri a kafukufuku amagwiritsa ntchito zomwe anthu wamba amatumizazo.

Musanaike chithunzi pa intaneti, onani ngati kamera kapena foni yanu imalemba malo a GPS m'kati mwa fayilo. Chithunzi cha chipembere, cha ngaka, cha chisa cha mbalame yosowa kapena cha kadzidzi pomwe amagona masana chingatsogolere opha nyama mozemba, kapena khamu la ojambula anzanu, pamalo penipenipo. Zimitsani GPS musanajambule nyama zotere, kapena fufutani malowo musanatumize, ndipo polemba mawu a pansi pa chithunzi tchulani dera lalikulu lokha, tsiku lenileni osalitchula.